Zaka 50 za khomo lobisika

M'mwezi wa June 1974, asilikali awiri a gulu la nkhondo ya mumlengalenga la dziko la United States, Paul Karger ndi Roger Schell, adatulutsa lipoti la ntchito yachilendo imene adapatsidwa. Ntchitoyo inali yothyola. Boma lawo linkafuna kusunga zinsinsi zake m'makompyuta oyendera pulogalamu yotchedwa Multics, imene idayamba kupangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1960 ndi sukulu ya MIT mogwirizana ndi makampani a General Electric ndi Bell Labs. Multics inkatchuka kuti chitetezo chake n'chokhwima kuposa cha mapulogalamu ena a nthawi imeneyo. Komabe akuluakulu adati asanaikemo chinsinsi chilichonse, anthu awo omwe ayambe ayesa kulowamo ngati akuba. Karger ndi Schell adalowadi. Adapeza ming'alu ingapo, ndipo atalowa adasiyamo kakhomo kobisika koti adzalowerenso tsiku lina popanda wowafunsa dzina.

Mu lipotilo muli ndime imene yandikhalitsa pansi kangapo. Awiriwa adalingalira kuti, kodi khomo lotere ungalibise pati kuti mwini nyumba asalipeze? Ukalilemba m'malangizo amene anthu amawerenga, tsiku lina wina adzaliona. Ukaliika m'pulogalamu yomalizidwa kale, lidzafufutika tsiku limene eni ake adzaimangenso mwatsopano. Malo abwino, iwo adatero, ndi m'chida chimene chimamanga mapulogalamu enawo, chifukwa chida chimenecho chikhoza kumabwezeretsa khomolo ulendo uliwonse. Adalemba zimenezi mwachidule n'kupitirira ndi nkhani zina.

Ndikufuna kulondola lingaliro limeneli kuchokera mu 1974 mpaka mu 2024, pamene munthu wina adatsala pang'ono kulikwaniritsa pa makompyuta a dziko lonse. Nkhaniyi idachitikira kutali, ku America, ku Finland ndi ku Germany, koma mapulogalamu ake tili nawo m'manja. Foni iliyonse ya Android, kaya ili ku Mchinji, ku Chipata kapena ku Tete, imayendera phata la pulogalamu yotchedwa Linux, ndipo maseva ambiri amene amanyamula mauthenga athu pa intaneti amayenderanso Linux yomweyo. Funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo zaka zonsezi ndi losavuta kulimva: pulogalamu imene sunalembe wekha, uikhulupirire bwanji?

Womasulira wachinyengo

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mmene pulogalamu imabadwira. Munthu wolemba pulogalamu salankhula ndi makina mwachindunji. Amalemba malangizo m'chinenero chimene munthu mnzake angathe kuwerenga, monga chinenero cha C, ndipo zolembazo akatswiri amazitchula source code. Makina amamva manambala okhaokha, 0 ndi 1. Pakati pa awiriwa pamaima pulogalamu ina yotchedwa compiler, imene ntchito yake ikufanana ndi ya womasulira m'khoti: imamva mawu a munthu n'kuwanena m'chinenero cha makina. Ndipo monga zimakhalira m'khoti, amene samva zinenero zonse ziwiri amangokhulupirira kuti womasulira wanena zoona.

Ken Thompson ankaidziwa bwino Multics chifukwa adagwirako ntchito yake ali ku Bell Labs. Kampaniyo itachoka pa ntchitoyi mu 1969, iye ndi mnzake Dennis Ritchie adapanga pulogalamu yawo, Unix, imene Linux idadzatengera mapangidwe ake. Mu 1983 awiriwa adalandira mphoto ya Turing, yomwe ndi yapamwamba koposa pa sayansi ya makompyuta. Mawu amene Thompson adalankhula polandira mphotoyo adasindikizidwa mu August 1984 m'magazini ya Communications of the ACM pa mutu wakuti Reflections on Trusting Trust. Ndi masamba atatu okha. Akadatha kusimba za ulemerero wa Unix, koma adasankha kufotokoza chinyengo chimene adachipanga yekha, ndipo adanena kuti lingalirolo adaliwerenga m'lipoti lina la asilikali limene mutu wake anali atauiwala.

Chinyengocho chinali cha mbali ziwiri. Poyamba adaphunzitsa compiler kuzindikira pulogalamu ya login, imene imafunsa dzina ndi pasiwedi munthu akafuna kulowa mu kompyuta. Ikaizindikira, compiler inkaimasulira bwinobwino, koma n'kuwonjezeramo kachinthu kamodzi: pasiwedi yapadera yotha kutsegula akaunti ya aliyense. Munthu wowerenga malangizo a login sakadapezamo cholakwika, chifukwa cholakwikacho chinkalowa pomasulira. Wowerenga malangizo a compiler ndiye akadachiona, ndipo apa ndi pamene padagona luso lenileni. Compiler nayonso ndi pulogalamu, ndipo compiler yatsopano imamasuliridwa ndi compiler yakale, monga mmene womasulira wachikulire amasulira womulowa m'malo. Thompson adaphunzitsa compiler kuzindikiranso pamene ikumasulira compiler inzake, n'kuikamo chinyengo chonse, cha login chija pamodzi ndi chodziberekachi. Atatero adafufuta chilichonse chokayikitsa m'zolemba. Zolemba za login zinali zoyera, za compiler nazonso zoyera, koma khomolo linkapatsirana kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, m'badwo ndi m'badwo.

Phunziro limene iye adatolapo linali lowawa. Ngakhale utawerenga mzere uliwonse, sungatsimikize pulogalamu imene sunaipange wekha kuyambira pa maziko, ndipo palibe munthu amene amapanga zonse yekha. Pamapeto pake umangokhulupirira anthu amene adailemba. Kwa zaka zambiri ena ankaiona nkhaniyi ngati nthano ya akatswiri, koma Thompson adaipangadi compiler imeneyi chapakati pa zaka za m'ma 1970, ngakhale adati siidatuluke kunja kwa Bell Labs. Mu 2023 katswiri wina, Russ Cox, adamupempha zolemba zake n'kuziyesa pa Unix yakale, ndipo zidagwira ntchito. Phata la chinyengocho silidakwane mizere 100.

Pofika nthawi imeneyo n'kuti akuba ataiphunzira kale njirayi. Mu 2015 anthu olemba mapulogalamu ku China adatenga pa intaneti Xcode yosinthidwa mwachinyengo, chida chomangira mapulogalamu a iPhone, ndipo mapulogalamu amene adamanga, kuphatikizapo WeChat, adalowa mu App Store ali ndi kachilombo, eni ake osadziwa. Mu December 2020 zidadziwika kuti akuba adalowa m'makina amene kampani ya SolarWinds inkamangira pulogalamu yake ya Orion, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000, kuphatikizapo maunduna a boma la United States, adalandira pulogalamu yoipitsidwayo ili ndi chidindo chenicheni cha kampaniyo.

Maso ambiri

Njira yakale yochepetsera zolakwika ndi yoti wina awerenge zimene mnzake walemba. Mu 1976 Michael Fagan wa kampani ya IBM adafalitsa dongosolo lochitira zimenezi mwalamulo. Kagulu kochepa kankakhala pansi, aliyense ali ndi udindo wake, n'kumawerenga malangizo pang'onopang'ono pofuna zolakwika zokha, ndipo zolakwikazo zinkalembedwa ndi kuwerengedwa. Fagan adaona kuti ounika akapitirira maola awiri tcheru chawo chimatsika, choncho adalangiza kuti asamapitirire pamenepo. Kuyambira pachiyambi, kafukufuku wa kuunika mapulogalamu ankakhudza kutopa kwa munthu.

Anthu olemba mapulogalamu poyera adaitenga njirayi n'kuifutukula. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki, adayamba kulemba Linux n'kuika zolemba zake pamene aliyense angaziwerenge ndi kuzikonza. Mwambo wake udakhala wotere: amene waona chofunika kusintha amalemba chigamba n'kuchitumiza pa imelo kwa wosamalira gawo limenelo, wosamalirayo amachiunika, ena amachitsutsa kapena kuchivomereza, ndipo chikakhutiritsa chimasokedwa pa pulogalamu yaikulu. Mu 1997 Eric Raymond, mu nkhani yake ya The Cathedral and the Bazaar, adaikira kumbuyo njirayi pa mfundo yakuti owerenga akachuluka, cholakwika chimasowa pobisala. Ife tingati mutu umodzi susenza denga.

Mu November 2003 mfundoyi idayesedwa. Nthawi imeneyo zolemba zenizeni za Linux zinkasungidwa mu pulogalamu yotchedwa BitKeeper, koma panali nkhokwe ina imene inkangokopera zomwezo pofuna kuthandiza anthu ogwiritsa ntchito chida chakale cha CVS. Munthu wina adathyola nkhokwe yachiwiriyi n'kuwonjezeramo mizere iwiri. Poiwerenga mofulumira, mizereyo inkaoneka ngati ikufunsa ngati amene wapereka lamulo ndi root, kutanthauza mwini mphamvu zonse pa kompyutayo. M'chinenero cha C, kufunsa ngati zinthu ziwiri n'zofanana kumalembedwa ndi zizindikiro ziwiri, ==, pamene chizindikiro chimodzi, =, chimalamula kuti ichi chisanduke icho. Wakubayo adalemba chimodzi. M'malo mofunsa ngati munthuyo ndi root, mzerewo unkamusandutsa root.

Aliyense amene adaunikapo zolemba za mnzake, monga ndimachitira ine pa ntchito yanga, akudziwa kuti diso limawerenga chimene likuyembekezera kuona. Wakubayo ankadalira chimenecho. Larry McVoy, mwini kampani imene inkapanga BitKeeper, ndiye adazindikira, koma sadazindikire chifukwa chowerenga mzerewo. Adaona kuti m'nkhokwe yokopera muli kusintha kopanda mbiri yosonyeza amene adakuvomereza. Zitatero m'pamene ena adawerenga mosamala n'kuona chizindikiro chosowacho. Kwa ine, chimene chidapulumutsa Linux tsiku limenelo ndi kaundula, mwambo wolemba kuti chigamba chilichonse chachokera kwa yani ndipo wachilola ndani.

Patapita zaka khumi, mfundo ya maso ambiri idakumana ndi mayeso aakulu koposa, ndipo ulendo uno panalibe wakuba. OpenSSL ndi pulogalamu imene imabisa mauthenga pakati pa foni kapena kompyuta yanu ndi seva, kuti wina wapakati asawerenge pasiwedi yanu. Chakumapeto kwa 2011 wophunzira wina wa ku Germany adatumiza chigamba chowonjezera kachitidwe kotchedwa heartbeat. Kompyuta imodzi imatumiza mawu ochepa n'kunena utali wake, ndipo inayo imawabweza posonyeza kuti idakalipo. Wolembayo adaiwala kuika mzere wotsimikiza kuti utali umene wanenedwawo ndi woona. Choncho munthu akadatha kutumiza chilembo chimodzi n'kunama kuti watumiza zilembo 64,000. Seva inkabweza chilembo chija n'kudzaza malo otsalawo ndi chilichonse chimene chinali pafupi mu memory yake, momwe mumakhala mapasiwedi a anthu ena ndi makiyi achinsinsi a sevayo.

Chigambachi chidaunikidwa ndi munthu mmodzi, chidalandiridwa pa 31 December 2011, n'kutuluka mu OpenSSL 1.0.1 mu March 2012. Chidakhala poyera zaka ziwiri, aliyense ali ndi ufulu wochiwerenga, mpaka Neel Mehta wa ku Google ndi akatswiri a kampani ya Codenomicon ya ku Finland adapeza cholakwikacho, aliyense payekha. Chidalengezedwa pa 7 April 2014 ndi dzina lakuti Heartbleed. Maseva pafupifupi theka la miliyoni anali pachiopsezo, ndipo ku Canada bungwe lotolera msonkho lidalengeza kuti manambala a nzika pafupifupi 900 abedwa kudzera pa mng'alu umenewu.

Chimene chidadzidzimutsa anthu pambuyo pake ndi umphawi wa OpenSSL. Steve Marquess, amene ankayang'anira chuma cha ntchitoyi, adaulula kuti zopereka zaufulu zinkangofika madola pafupifupi 2,000 pachaka, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye ankaigwira ngati ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Mabanki ndi makampani akuluakulu ankaigwiritsa ntchito kwaulere, aliyense akuganiza kuti mnzake akuiyang'anira. Ambiri anali ndi mwayi wowerenga, koma owerengadi anali ochepa. Mwezi womwewo bungwe la Linux Foundation lidakhazikitsa thumba la Core Infrastructure Initiative, ndipo makampani monga Google, Microsoft, IBM ndi Facebook adayamba kusonkhamo ndalama zolipirira osamalira ndi ounika.

Kafukufuku amene adautsa mkangano

Ngati cholakwika changozi chidadutsa mosavuta chotero, nanga chadala? Funsoli ndi loyenera, ndipo mu 2020 ofufuza a pa yunivesite ya Minnesota, Qiushi Wu ndi mphunzitsi wake Kangjie Lu, adaganiza zoliyankha poyesa. Lingaliro lawo linali lakuti m'mapulogalamu aakulu muli zofooka zogona, zimene sizivulaza pazokha chifukwa pakusowa chinthu chimodzi choti zidzuke. Munthu angathe kutumiza chigamba chooneka ngati chikukonza kanthu kakang'ono, pamene kwenikweni chikupereka chinthu chosowacho. Zigamba zoterezi adazitcha hypocrite commits, ndiko kuti zigamba zachiphamaso. Mu August 2020 adazitumiza kwa osamalira Linux pogwiritsa ntchito mayina abodza, osawauza kuti akuyesedwa. Iwo adati dongosolo lawo linali lakuti wosamalira akangovomereza, amuuze msanga kuti chigambacho n'cholakwika chisanasokedwe. Komiti ya yunivesite yoona za kafukufuku wokhudza anthu idafunsidwa ntchito itachitika kale, ndipo idagamula kuti uku sikunali kufufuza anthu. Lipoti lawo lidalandiridwa kuti likawerengedwe pa msonkhano waukulu wa IEEE Symposium on Security and Privacy wa 2021.

Mu April 2021 wophunzira wina wa pa yunivesite yomweyo adatumiza zigamba zina zimene osamalira adaziona kuti n'zopanda pake. Pokumbukira za chaka chapitacho, adakayikira kuti akuyesedwanso. Pa 21 April, Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa akuluakulu a Linux, adalengeza kuti salandiranso chigamba chochokera ku yunivesite imeneyo, ndipo adakonza zochotsa zigamba 190 zakale mpaka zitaunikidwanso. Patangopita masiku ochepa ofufuzawo adapepesa poyera n'kubweza lipoti lawo. Mu May, komiti ya alangizi ya Linux Foundation idatulutsa zotsatira. Pa zigamba 435 zochokera ku Minnesota zimene zidaunikidwanso, 349 zinali zolondola, ndipo 39 zinkafunika kukonzedwa. Zotumizidwa ndi mayina abodza zinali zisanu, ndipo chimodzi chokha ndicho chidalowa. Chodabwitsa n'chakuti chimene chidalowacho chinalibe vuto. Ofufuzawo ndiwo sadamvetse bwino gawo limene ankafuna kulifooketsa. Zigamba za mu April nazo zidapezeka kuti zinali za kafukufuku wina, zofooka koma zopanda chiwembu.

Mlanduwu ndimauyerekeza ndi wa Karger ndi Schell. Onse adalowa mozemba kuti aphunzire kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti asilikali aja adatumidwa ndi boma limene linkafuna kudalira makinawo, ndipo chimene ankayesa chinali makina. Ku Minnesota chimene chinkayesedwa chinali tcheru cha anthu, ndipo anthuwo sadafunsidwe. Chigamulo cha komiti chija ndicho chimandidetsa nkhawa koposa, chifukwa chikusonyeza kuti ngakhale anthu ophunzira ankaiona Linux ngati mulu wa zolemba, n'kuiwala kuti kuseri kwa zolembazo kuli anthu amene nthawi yawo ili ndi mtengo. Kuunikanso zigamba mazanamazana kudadya masiku a osamalira ambiri, masiku amene akadakonzera zolakwika zenizeni. Ofufuzawo akadapempha chilolezo kwa atsogoleri a Linux n'kugwirizana malire, monga amachitira makampani amene amalemba ganyu akatswiri kuti ayese kuthyola makina awo, funso lawo likadayankhidwa popanda kuipitsa mbiri ya ophunzira anzawo. Komabe funsolo silidafe ndi lipoti lawo. Chaka chomwecho, mkanganowu utangozirala, munthu wina amene analibe cholinga cholemba lipoti adayamba ntchito yake.

Mlendo wodekha

XZ Utils ndi kapulogalamu kopanikiza mafayilo kuti achepe, ndipo kamapezeka pafupifupi m'makompyuta onse oyendera Linux. Kwa zaka zoposa khumi kankasamaliridwa ndi munthu mmodzi wa ku Finland, Lasse Collin, pa nthawi yake yopuma, osalipidwa. Chakumapeto kwa 2021 munthu wodzitcha Jia Tan adayamba kumutumizira zigamba zing'onozing'ono zothandizadi. Mu 2022 padatulukira mayina ena, monga Jigar Kumar ndi Dennis Ens, odandaula kuti ntchito ikuchedwa ndiponso kuti Collin apeze wina womuthandiza. Mayinawa analibe mbiri yodziwika kwina, ndipo akatswiri ambiri amene adalondola nkhaniyi amakhulupirira kuti anali a gulu limodzi ndi Jia Tan. Collin adayankha mu June 2022 kuti thanzi lake la m'maganizo silinali bwino, adakumbutsa kuti iyi ndi ntchito yongodzipereka, ndipo adatchula kuti Jia Tan wakhala akumuthandiza kwambiri. Pang'onopang'ono mlendoyo adapatsidwa makiyi, mpaka adayamba kutulutsa yekha XZ yatsopano. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iyeyu adadekha zaka zoposa ziwiri.

Mu February ndi March 2024 adatulutsa XZ 5.6.0 ndi 5.6.1. Khomo lake adalibisa motsatira nzeru ya 1974 ija, kutali ndi malangizo amene anthu amawerenga. Adalikwirira m'mafayilo awiri oyesera. Mafayilo otere mwachibadwa amaoneka ngati zinyalala za manambala, chifukwa ntchito yake ndi kuyesa ngati pulogalamu itha kulimbana ndi fayilo yowonongeka kapena yaikulu, choncho palibe amene amawawerenga. Kenako, mu phukusi limene opanga Debian, Fedora ndi ena amatenga, adaikamo kalangizo kena kamene kanalibe m'nkhokwe yoonekera kwa onse. Pa nthawi yomanga pulogalamu, kalangizoko kankafukula zokwirirazo n'kuzilumikiza. Chimene ankafuna kugwira ndi SSH, njira imene oyang'anira amalowera m'maseva ali kutali. M'mitundu ina ya Linux, pulogalamu ya SSH inkakoka gawo la XZ kudzera mwa pulogalamu ina yotchedwa systemd, ndipo khomolo linkadzera pamenepo. Munthu wokhala ndi kiyi yachinsinsi ya wopanga khomoli, iye yekha, akadatha kulamula seva iliyonse yotero ngati yake.

Chidamugwiritsa chinali theka la sekondi. Andres Freund, Mjeremani wogwira ntchito ku Microsoft pa pulogalamu ya PostgreSQL, ankayeza liwiro la zinthu zina pa Debian yoyesera. Adaona kuti SSH ikudya mphamvu ya kompyuta mosayenera, ndipo kulowa kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ambiri akadangonyalanyaza. Iye adalondola mpaka adafika pa XZ, ndipo pa 29 March 2024 adalengeza zimene adapeza. Vutoli lidapatsidwa nambala CVE-2024-3094 ndi mlingo wa kuopsa wa 10 pa 10. N'kuti XZ yoipayo itafika kale m'mitundu yoyesera ya Debian ndi Fedora, koma isanalowe m'mitundu yokhazikika imene mabanki, maboma ndi makampani ambiri amadalira. Ubuntu, Linux imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004, inali itatsala milungu yochepa kutulutsa mtundu wake wa 24.04. Opanga ake adachedwetsa mtundu woyesera ndi sabata imodzi kuti amangenso mapulogalamu mwatsopano. Jia Tan sadamvekenso.

Zimene zida zingathe ndi zimene sizingathe

Funso la Thompson silidakhale lopanda yankho. Mu 2005, kenako m'kafukufuku wake wa digiri ya udokotala wa 2009 pa yunivesite ya George Mason, David A. Wheeler adasonyeza njira yogwirira womasulira wachinyengo. Umatenga zolemba za compiler yokayikitsayo n'kuzimasulira ndi compiler ina yochokera kwa anthu ena. Chotulukacho umachigwiritsa ntchito kumasuliranso zolemba zomwezo, kenako umayerekeza zotsatira ndi compiler imene uli nayo. Zikafanana nambala iliyonse, ndiye kuti compiler yako ikugwirizana ndi zolemba zake, pokhapokha ngati omasulira onse awiri adapangana bodza limodzi. Mu 2013 anthu a Debian adayamba ntchito ya reproducible builds, yofuna kuti aliyense womanga pulogalamu kuchokera ku zolemba zomwezo apeze chinthu chofanana ndendende, kuti phukusi losinthidwa panjira lizidziwika. Pambuyo pa nkhani ya XZ, opanga OpenSSH adaika mu pulogalamu yawo njira yawoyawo yolankhulira ndi systemd, kuti opanga Linux asamafunenso kulumikiza gawo limene khomo lija lidadzera.

Uku ndi kupita patsogolo kwenikweni, ndipo sindikukuchepsa. Koma zida zimenezi zimatsimikiza kuti chimene wamanga chikugwirizana ndi chimene udalandira. Sizingakuuze ngati amene adakupatsa ndi wachilungamo. Phukusi la Jia Tan linali ndi siginecha yovomerezeka, chifukwa iye anali wosamalira weniweni wa XZ. Sadathyole chitseko chilichonse. Adapeza munthu wotopa, wosenza yekha katundu wa dziko lonse, n'kumuuza kuti ndikulandire.

Ndikaika nkhani zimenezi pamodzi, ndikuona kuti pamene zinthu zidalephera, panali munthu mmodzi kapena awiri ogwira ntchito ya anthu khumi, ndipo pamene zidapulumuka, panali munthu amene anali ndi nthawi yodabwa. McVoy adadabwa ndi kusintha kopanda mwini. Freund adadabwa ndi theka la sekondi, ndipo adakhala ndi mpata wolilondola. Nthawi yotereyi imafuna wolipira, ndipo chimenechi ndicho makampani adaphunzira mochedwa mu 2014, n'kudzachikumbukanso mu 2024.

Nkhaniyi imatikhudzanso ife chifukwa nafenso tili m'gulu la odya zaulerezi. Maunduna a zaumoyo a Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhanitsa ziwerengero zawo mu DHIS2, pulogalamu yapoyera imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo, ndipo pulogalamu iliyonse yaikulu yotere imaima pa timapulogalamu tambiri tonga XZ, tina tosamaliridwa ndi anthu owerengeka. Pulogalamu yapoyera siilipiritsa laisensi, koma imafuna owerenga. Wophunzira wa ku Blantyre kapena ku Lusaka amene ali ndi intaneti angathe kutsegula zolemba zomwezo zimene Freund adatsegula, ndipo boma kapena banki imene ikudalira zolembazo ingathe kumulipira kuti azitsegule. Kusankha kusatero ndi kusankha kukhulupirira kuti wina kwinakwake, amene sitimudziwa ndipo sitimulipira, akuyang'ana m'malo mwathu.

Pa 29 May 2024, patatha miyezi iwiri chiululikire chiwembucho, Lasse Collin adatulutsa XZ 5.6.2 atachotsamo khomo lija. Pulogalamuyo idabwerera m'manja mwa munthu yemwe uja amene mu June 2022 adanena poyera kuti watopa.